Bonasi, komishoni ndi mawu oyamikira: kukonza mphotho za ogwira ntchito kuti zisabale chinyengo ndi madandaulo

Kampani ikalengeza kuti kuyambira mwezi wamawa aliyense wopyola mlingo wakutiwakuti azilandira bonasi, ogwira ntchito sachedwa kuwerengetsa. Pomaweruka tsiku lomwelo amakhala atadziwa kale ntchito zomwe zili ndi ndalama ndi zomwe zilibe, kasitomala woti amuthamangire ndi woti amusiyire mnzawo, komanso pomwe lamulo latsopanolo lasiya mpata. Palibe choipa pamenepa, munthu aliyense wanzeru amatero akauzidwa kuti chakuti ndiye chili ndi mtengo. Koma zikutanthauza kuti mphotho imabweretsa chokhacho chomwe mwachiyeza n'kuchilipira, ngakhale chitasiyana ndi chomwe mumafuna mumtima. Ntchito yaikulu pokonza ndondomeko ya mphotho yagona pa kuyandikitsa ziwirizi, kenako kusunga pangano mpaka anthu akhulupirire kuti malamulo sasintha iwo akangoyamba kuchita bwino.

Malipiro a pamwezi ayambe akwanira

Bonasi sikonza malipiro operewera. Munthu amene malipiro ake amachedwa, kapena amene akudziwa kuti mnzake wogwira ntchito yofanana ndi yake amalandira zambiri popanda chifukwa, akamva za bonasi amangoona ngati akumubwezera pang'ono za ndalama zomwe zinali zake kale.

Mu 1959 katswiri wa za maganizo a anthu Frederick Herzberg ndi anzake anatulutsa zomwe anapeza atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh, m'dziko la America. Anawafunsa za nthawi yomwe ntchito inkawakomera ndi nthawi yomwe inkawanyansa. Zowanyansa zinali monga malamulo a kampani, kachitidwe ka mabwana, malo ogwirira ntchito ndi malipiro. Zowapatsa mphamvu zinali zina ndithu: kumaliza ntchito yovuta, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo, kukwezedwa. Akatswiri ena atsutsapo mbali zina za kafukufukuyu, koma mfundo yoti zonyansazo ziyambe zachoka musanayembekezere changu ndi yomwe aliyense woyang'anira anthu amaiona ndi maso.

Henry Ford anakumana nazo m'fakitale yake ya magalimoto. Mu 1913 kusiya ntchito kunafika 370 peresenti pachaka, kutanthauza kuti malo amodzi ankadutsapo anthu atatu kapena anayi chaka chisanathe. Mu Januwale 1914 anakweza malipiro a patsiku kuchoka pa madola 2.34 kufika pa madola 5 kwa omwe ankakwaniritsa zomwe kampani inkafuna, ndipo pofika 1915 chiwerengero chija chinatsika kufika 16 peresenti. Choncho musanalembe chilichonse chokhudza bonasi, yerekezani malipiro anu ndi a makampani ena olemba anthu a ntchito yomweyo, onani kusiyana kwa malipiro pakati pa anthu a giredi imodzi, ndipo tsimikizani kuti ovataimu imalipidwa pa nthawi yake. Kudula malipiro a pamwezi kuti mupeze ndalama ya bonasi ndi njira yachidule yophera ndondomeko isanayambe n'komwe.

Mukuyeza chiyani

Kulipira molingana ndi kuchuluka kwa ntchito kumagwira, ndipo pena kumagwira mwamphamvu kwambiri. Kampani ya Safelite, yomwe imaika magalasi a magalimoto ku America, inasiya kulipira pa ola n'kuyamba kulipira pa galasi lililonse loikidwa m'zaka za 1994 ndi 1995. Katswiri wa zachuma Edward Lazear atasanthula mabuku a kampaniyo anapeza kuti ntchito yogwirika pa munthu mmodzi inakwera ndi 44 peresenti. Pafupifupi theka la kukweraku linabwera chifukwa anthu omwewo anawonjezera changu. Theka linalo linabwera chifukwa anthu achangu ankakhalitsa komanso kukopeka ndi kampaniyo, pomwe ochedwa ankachoka. Malipiro a wogwira ntchito anakweranso ndi pafupifupi 10 peresenti.

Ambiri amagwira nambala ya 44 n'kuiwala zomwe zinachititsa kuti zitheke. Galasi limodzi limaikidwa ndi munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Magalasi amawerengeka popanda mkangano. Galasi likayamba kudontha, amadziwika amene analiika, ndipo ntchito yobwereza inalibe malipiro atsopano. Kampani inasunganso malipiro a pa ola ngati poyambira, moti sabata yovuta munthu sankapita kunyumba chimanjamanja. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, zotsatira zimasintha.

Banki ya Wells Fargo ya ku America ndi chitsanzo cha mbali inayo. Antchito a m'nthambi zake anapatsidwa milingo yokwera ya maakaunti ndi makhadi oti agulitse, ndipo bonasi ngakhalenso ntchito yawoyo zinkadalira nambala zimenezi. Chomwe banki inkafuna chinali makasitomala ogwiritsa ntchito zinthu zake zambiri. Chomwe inkayeza chinali maakaunti otsegulidwa. Antchito anayamba kutsegula maakaunti eni ake osadziwa. Mu Seputembala 2016 bankiyi inalamulidwa kulipira chindapusa cha madola 185 miliyoni, zinadziwika kuti anthu pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa ntchito pa nkhaniyi, ndipo chaka chotsatira chiwerengero cha maakaunti okayikitsa chinafika 3.5 miliyoni. Anthu masauzande sangaganize chinyengo chofanana aliyense payekha popanda chowakankha. Zofanana ndi izi zinagwera kampani ya Sears mu 1992, pomwe boma la California linaidzudzula kuti magalaja ake ankasintha zipangizo za magalimoto zomwe zinali zisanawonongeke, antchito ake akulipidwa komishoni pa zomwe agulitsa. Kampaniyo inachotsa komishoniyo kwa olandira magalimoto m'magalajamo.

Pa choyezera chilichonse chomwe mwaganiza, funsani kuti: munthu angaikweze bwanji nambala iyi popanda kuthandiza kampani kapena kasitomala? Funsoli mulipereke kwa ogwira ntchito enieniwo, pagulu, ndondomeko isanayambe, chifukwa njira zachidule amazidziwa ndi iwo. Woyankha mafoni a makasitomala akamalipidwa pa kuchuluka kwa mafoni, amadula foni ya munthu wa vuto lalitali kapena kumutumiza ku dipatimenti ina. Kumeneko yezani mavuto omwe atha osabweranso pasanathe masiku 7. Wolongedza katundu akamalipidwa pa makatoni, zosweka ndi zotumizidwa molakwika zimachuluka, ndiye werengani makatoni okhawo omwe afika bwino. Wogulitsa akamalandira komishoni pa mtengo wonse wa zomwe wagulitsa, amatsitsa mitengo mosasamala ndiponso kukongoza anthu osabweza. Komishoni yake ichokere pa phindu, ilipidwe ndalama ikalowa, ndipo ibwezedwe ngati katundu wabwerera pasanathe masiku 90.

Malo oopsa kwambiri ndi a chitetezo. Mphotho ya "masiku 100 popanda ngozi" imamveka bwino, koma munthu wodzicheka chala pa tsiku la 95 amadziwa kuti akakanena, shifiti yonse itaya ndalama chifukwa cha iye. Amamanga kansalu, n'kubisa dzanja m'gulovu, n'kupitiriza. Ngozi zimakhalapobe, chosowa ndi malipoti okha. Bungwe loona za chitetezo cha pantchito ku America, OSHA, linachenjeza olemba ntchito za mphotho zotere mu 2012. Lipirani zochita zomwe zimapewetsa ngozi: kunena malo oopsa, kukonza zomwe zanenedwa m'masiku oikika, kupezeka pa maphunziro.

Zoyezera zisapitirire zitatu. Zikafika zisanu ndi ziwiri, chilichonse chimakhala ndi kandalama kochepa, ndipo munthu sangathenso kuwerengera yekha zomwe alandire. Njira yomwe ife timaikonda ndi kukhala ndi choyezera chimodzi chachikulu cha kuchuluka kwa ntchito, ndi china cha ubwino wake chomwe chimakhala ngati chipata: zolakwika zikapyola malire omwe mwagwirizana, mwachitsanzo 2 peresenti ya katundu, bonasi ya mweziwo imadulidwa theka kapena siituluka. Choyezera chilichonse chikhale chinthu chomwe munthuyo angachisinthe ndi manja ake. Woyendetsa makina sangasinthe mtengo wa zipangizo kapena ngongole za kampani, ndipo kumulipira potengera zimenezo kumangomuphunzitsa kuti bonasi ndi mwayi.

Mlingo ndi kagawidwe kake

Mlingo umachokera m'mabuku a ntchito ya m'mbuyo, miyezi yosachepera 12, kuti nyengo zotanganidwa ndi zozizira zonse zionekere. Mlingo wongoganizira mu ofesi umakhala wofewa kwambiri kapena wosafikirika, ndipo wosafikirika ndi woipa kuposa kusakhala ndi bonasi, chifukwa olimbikira amagwa mphwayi pomwe opanikizika amayamba kuphika manambala. Mlingo wabwino ndi woti anthu 6 kapena 7 mwa 10 aufike akagwira ntchito molimbika koma mosadzipweteka.

Cholakwika chofala ndi kuika phompho pa mlingo: wofika 100 peresenti alandira zonse, wofika 99 salandira kanthu. Taganizirani wogulitsa pa tsiku la 28 la mwezi. Ngati ali pa 96 peresenti, amachonderera kasitomala kuti agule lero pa mtengo wotsika kwambiri, kapena kulemba oda yomwe akudziwa kuti idzabwezedwa. Ngati ali pa 70, amadziwa kuti mwezi uno wapita, ndiye maoda omwe ali nawo amawasunga m'thumba kuti adzawalembe pa 1. Mukaona malonda akuwunjikana m'masiku atatu omaliza a mwezi uliwonse n'kuzimiririka sabata yoyamba, dziwani kuti phompholi likugwira ntchito.

Mankhwala ake ndi kulipira mokwera pang'onopang'ono. Tinene kuti bonasi ya wofika pa mlingo ndi 10 peresenti ya malipiro ake a pamwezi. Pansi pa 80 peresenti ya mlingo palibe bonasi. Kuchokera pa 80, sitepe iliyonse ya 1 peresenti imawonjezera theka la peresenti ya malipiro. Wofika 92 alandira 6 peresenti, wofika 100 alandira 10, wofika 110 alandira 15, ndipo malire ali pa 120 pomwe bonasi ndi 20 peresenti. Aliyense, kaya ali pati, ali ndi chifukwa chogulitsira chinthu chimodzi china lero. Malire apamwambawo amateteza kampani pa mwezi womwe nambala zakwera chifukwa cha mwayi, komabe pa ntchito zogulitsa ayenera kukhala patali, chifukwa wogulitsa waluso akawafika pakati pa mwezi amapumula kapena kusunga maoda.

Musanalengeze, werengerani mtengo wa ndondomekoyi pa zochitika zitatu: aliyense atalephera, ambiri atafika pa mlingo, ndi aliyense atafika pa malire apamwamba. Chachitatucho ndiye chofunika. Ngati kampani singathe kulipira anthu onse atachita bwino kwambiri, ndondomekoyo ndi lonjezo lomwe mudzaliphwanya. Bonasi yokhalitsa imadzilipira yokha kuchokera pa phindu lowonjezereka, antchito n'kutengapo gawo limodzi mwa atatu mpaka theka.

Kukula kwake nakonso n'kofunika. Bonasi yosafika 3 kapena 4 peresenti ya malipiro imalowerera mu msonkho ndi zodulidwa zina, munthu osaizindikira. Pa ntchito zambiri, 5 mpaka 15 peresenti imakwanira kusintha kachitidwe ka anthu. Ogulitsa amatha kupirira gawo lalikulu losinthasintha, koma kwa olandira zochepa si bwino kuti ndalama yambiri idalire zotsatira, popeza lendi ndi chakudya sizitsika mwezi womwe makina anawonongeka. Ndipo ilipidwe msanga. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: bonasi yolonjezedwa mu Januwale kuti idzabwere mu Disembala siyendetsa munthu wa pamakina mu Meyi. Kwa ogwira ntchito za tsiku ndi tsiku lipirani mwezi ndi mwezi kapena miyezi itatu iliyonse, pa mzere wakewake pa pepala la malipiro. Mamanijala omwe zisankho zawo zimaoneka zipatso pakapita zaka ndi omwe ayenera kudikira, ndipo gawo lina la bonasi yawo lisungidwe chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tsopano pali msampha womwe wapha ndondomeko zambiri kuposa wina uliwonse. Anthu akapyola mlingo miyezi itatu motsatizana, akuluakulu amaona bilu ya bonasi n'kunena kuti mlingowo unali wofewa, aukweze. Ogwira ntchito amaphunzirapo kamodzi kokha. Donald Roy, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu yemwe anagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo ku Chicago mu 1944 ndi 1945, anafotokoza momwe anzake ankagwirizanirana malire oti asapyole pa ntchito zolipidwa pa chidutswa. Akafika pa malirewo ankazengereza kapena kubisa zomwe apanga kuti adzazipereke tsiku lina, poopa kuti a mu ofesi akaona changu chawo chenicheni atsitsa mtengo wa chidutswa. Watsopano wothamanga kwambiri ankachenjezedwa ndi anzake.

Kampani ya Lincoln Electric ya ku Cleveland, yopanga makina owotcherera zitsulo, yakhala ikulipira pa chidutswa kwa zaka zochuluka, ndipo yapereka bonasi ya pachaka kuyambira 1934. Chinsinsi chake chagona pa malonjezo. Mtengo wa chidutswa susintha chifukwa choti wina walandira zambiri, umasintha pokhapokha njira yopangira kapena makina zikasintha, ndipo wogwira ntchito ali ndi ufulu wotsutsa mtengo watsopano. Chidutswa cholakwika amachikonza mwini wake popanda malipiro. Kuyambira 1958 kampaniyi ili ndi lamulo loteteza ntchito za omwe akhalitsa, moti munthu saopa kuti changu chake chichotsetsa iye kapena mnzake ntchito. Lembani lonjezo lofanana ndi limeneli m'malamulo anu: mlingo udzaunikidwa kamodzi pachaka pa deti lodziwika, kapena zida ndi njira zogwirira ntchito zikasintha, ndipo oimira antchito adzakhalapo.

Munthu payekha, gulu, kapena kampani yonse

Mphotho ya munthu payekha imayenera pomwe ntchito ya aliyense imaoneka payokha. Pomwe ntchito imadutsa m'manja ambiri, monga pa mzere wopangira katundu, m'khitchini ya lesitilanti kapena m'wodi ya chipatala, kulipira munthu payekha kumapha kuthandizana. Palibe amene amafuna kuphunzitsa watsopano, kukonza makina kapena kusesa, popeza zonsezi zilibe ndalama. Pamenepo mphotho ikhale ya gulu. Vuto la gulu ndi okwera pamsana pa anzawo, ndipo limakula gulu likamakula. Pa anthu 8 kapena 12 aliyense amaona zomwe mnzake akuchita ndipo amadzudzulana okha. Pa anthu 200 khama la munthu mmodzi silisuntha nambala, ndipo iye amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake kugawana phindu la kampani yonse kumathandiza kuti anthu akhalitse ndi kumva kuti kampaniyo ndi yawonso, koma sikusintha kwenikweni liwiro la ntchito ya Lachiwiri m'mawa.

Pakati pa ziwirizi pali njira yogawana zomwe zapulumutsidwa, yomwe inatchuka ndi Joseph Scanlon, wogwira ntchito m'fakitale ya zitsulo komanso mtsogoleri wa bungwe la antchito ku America m'zaka za m'ma 1930. Imayenda motere. Mabuku akuonetsa kuti kwa zaka zingapo malipiro onse amadya 30 peresenti ya mtengo wa katundu wopangidwa. Mwezi uno fakitale yapanga katundu wa 1,000,000, m'ndalama iliyonse yomwe mumagwiritsa ntchito, ndiye malipiro akanayenera kukhala 300,000. Koma akwana 270,000, kutanthauza kuti 30,000 yapulumutsidwa. Gawo limodzi mwa anayi, 7,500, limasungidwa kuti lidzakwirire miyezi yomwe zinthu sizidzayenda, ndipo zotsala pa thumbali zimagawidwa kumapeto kwa chaka. Pa 22,500 yotsalayo, kawirikawiri antchito amatenga 75 peresenti, yomwe ndi 16,875, kampani n'kutenga 5,625. Mukagawa 16,875 ndi 270,000 mupeza 6.25 peresenti, ndipo aliyense, kuyambira wosesa mpaka kapitawo, amalandira 6.25 peresenti ya malipiro ake a mweziwo. Masamuwa paokha sakwanira. Mtima wa njirayi ndi makomiti a antchito ndi mabwana omwe amakumana mwezi uliwonse kuunika maganizo ochepetsera zowonongeka ndi nthawi yotayika, ndipo ganizo lililonse limayankhidwa, kaya lavomerezedwa kaya lakanidwa. Kampani yosafuna kutsegula mabuku ake kwa antchito isayese n'komwe njirayi.

Mpikisano pakati pa antchito ndi wofunika kuusamala. Pa famu ina ya zipatso ku Britain, akatswiri a zachuma Oriana Bandiera, Iwan Barankay ndi Imran Rasul anaona kuti pomwe malipiro a wothyola zipatso ankadalira momwe wachitira poyerekeza ndi anzake a m'munda womwewo, anthu ankadzichepetsera liwiro, makamaka akamagwira ndi anzawo apamtima, chifukwa kuthamanga kwa mmodzi kunkatsitsa malipiro a ena. Famuyo itayamba kulipira pa kilogalamu, ntchito inakwera ndi 50 peresenti kapena kuposa. M'maofesi vutoli limaoneka mwina: anthu akamaikidwa pa mndandanda kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, amabisirana nzeru ndipo aluso amakana kukhala gulu limodzi. Kampani ya Microsoft inasiya kachitidwe kotere mu 2013. Mpikisano wa wopambana mmodzi umayendetsa anthu atatu kapena anayi a pamwamba okha, ena onse amangoonerera.

Zomwe ndalama siifikapo

Mu 1971 katswiri wa za maganizo a anthu Edward Deci anaonetsa kuti ophunzira omwe analipidwa pochita masewera ena ogwiritsa ntchito nzeru, malipirowo atasiya, anachepetsa nthawi yomwe ankasewera mwa kufuna kwawo. Pa ntchito tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chomwe anthu ankachita kale chifukwa cha chikumbumtima, mukachiikira mtengo, chimasanduka malonda, ndipo mtengowo ukachoka nachonso chimachoka. Mphotho za kufika pa nthawi yake zimagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri. Omwe ankafika msanga kwa zaka zambiri popanda wowathokoza amaona ochedwa akulandira mphatso chifukwa chosiya kuchedwa, ndipo wina akaona kuti achedwa ndi mphindi zisanu amasankha kuimba foni kuti wadwala kuti asataye mwayi. Kufika pa nthawi ndi gawo la ntchito, wochedwa akambirane ndi kapitawo wake.

Kuyamikira kuli ndi mphamvu yomwe mabwana ambiri amaichepetsa. Pa kafukufuku wina ku Lusaka, yemwe Nava Ashraf, Oriana Bandiera ndi Kelsey Jack anafalitsa mu 2014, ometa ndi okonza tsitsi anapemphedwa kugulitsa makondomu a amayi kwa makasitomala awo. Ena anapatsidwa gawo la ndalama pa zomwe agulitsa, ena anapatsidwa tchati chopachika mu saluni pomwe pankamatidwa nyenyezi pa paketi iliyonse yogulitsidwa. A nyenyeziwo anagulitsa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi magulu ena. Pa ntchito yomwe anthu amaona kuti ikuthandiza anzawo, kuonetsa poyera zomwe munthu wachita kumatha kuposa ndalama yochepa.

Kuyamikira kogwira mtima kumatchula chinthu chenicheni ndipo kumabwera sabata yomweyo. "Mwachita bwino nonse" sasiya kanthu. Koma kapitawo akaima pa msonkhano wa m'mawa n'kunena kuti, "Mayi, dzulo munaona kuti malebulo a oda ija asinthana galimoto isananyamuke, mwatipulumutsa ku katundu wobwezedwa," gulu lonse limamva khalidwe lomwe likufunika. Mphotho ya wogwira ntchito wopambana wa mwezi imatha mphamvu msanga, chifukwa imangozungulira anthu awiri omwewo kapena imasanduka kulandizana. Choipa kwambiri ndi pomwe bwana amasankha yekha popanda zifukwa zolembedwa, anthu n'kuona kukondera. Tsiku lopuma lowonjezera, ufulu wosankha shifiti, maphunziro olipiridwa ndi kampani ndi mwayi wotsogolera ntchito yatsopano ndi mphotho zomwe ambiri amazifuna, koma afunseni kaye. Wina kuitanidwa kutsogolo kwa gulu kumamusangalatsa, wina kumamuchititsa manyazi.

Kulemba malamulo, kuyesa ndi kuyang'anira

Malamulo akwane tsamba limodzi kapena awiri, ndi chitsanzo cha masamu chomwe wogwira ntchito angachitsatire ndi cholembera. Mikangano yambiri imabuka pa zinthu zomwe palibe anaziganizira: munthu wadwala masabata awiri, mayi wapita ku tchuthi cha uchembere, makina aima masiku atatu chifukwa zipangizo sizinafike, wina walowa ntchito pakati pa mwezi, wina wasiya bonasi isanatuluke. Chilichonse chikhale ndi yankho lolembedwa. Nthawi yomwe ntchito yaima pa zifukwa zosachokera kwa antchito ichotsedwe pa mlingo. Tchuthi chovomerezeka ndi lamulo chisalangidwe kudzera mu bonasi. Madera ogulitsira ndi makina agawidwe mwachilungamo, chifukwa wopatsidwa makasitomala akale ndi wopatsidwa dera latsopano sangakhale ndi mlingo umodzi. Funsaninso katswiri wa malamulo a ntchito ndi msonkho a dziko lanu, popeza m'mayiko ena bonasi yoperekedwa mosadukiza imatengedwa ngati gawo la malipiro, ndipo imakhudza kawerengedwe ka ovataimu kapena penshoni.

Musayambe ndi kampani yonse. Choyamba ikani malamulo atsopanowo pa nambala za chaka chatha, muone kuti ndani akanalandira zingati. Mukapeza kuti munthu yemwe aliyense amamudziwa kuti ndi msanamira ya dipatimenti akanatuluka wopanda kanthu, choyezera chanu chaphonya china chake. Kenako yesani m'dipatimenti imodzi kwa miyezi 3 mpaka 6, mukuyerekeza ndi dipatimenti ina yofanana nayo yomwe sinasinthe, ndipo nenani poyera kuti uku ndi kuyesa komanso deti lomwe kudzathe. Makapitawo aphunzitsidwe anthu ena asanamve, chifukwa mafunso onse adzafikira kwa iwo. Nambala zizipachikidwa sabata iliyonse pomwe aliyense angazione, ndipo wodandaula akhale ndi munthu wina wopitako kupatula bwana wake, yankho libwere m'masiku oikika.

Poyang'anira, musamangoona nambala yomwe mukulipira, chifukwa imeneyo idzakwera ndithu. Yang'anani zoyandikana nayo: madandaulo a makasitomala, katundu wobwezedwa, kuwonongeka kwa makina, ovataimu, masiku odwala, ndi ngozi zonenedwa ngati zatsika modabwitsa. Za mtima wa anthu zimaoneka pa chiwerengero cha osiya ntchito, makamaka kuti akuchoka ndani. Akamachoka aluso ndi okhalitsa, pali china chawawawa. Mafunso ochepa osalemba dzina, miyezi itatu iliyonse, amathandiza: kodi mukudziwa momwe bonasi yanu imawerengedwera, kodi mlingo ndi wofikirika, kodi kagawidwe n'kachilungamo, kodi munaonapo wina akuchita zosayenera kuti afike pa mlingo. Funso lomalizali ambiri amaliopa, koma ndi lomwe limaulula vuto likadali laling'ono.

Nthawi idzafika yoti ndondomeko isinthe kapena ithe, chifukwa msika wasintha kapena makina atsopano abwera. Lipirani zonse zomwe anthu apeza kale pa malamulo akale mpaka tsiku lomaliza, perekani chidziwitso cha miyezi itatu, ndipo fotokozani chifukwa chake ndi manambala. Ngati bonasi yakhala ikutuluka mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri kapena zitatu, mabanja anaiika kale pa bajeti yawo, ndipo kuichotsa kumamveka ngati kudulidwa malipiro. Pamenepo ndi bwino kuphatikiza gawo lina la bonasiyo, mwachitsanzo theka la zomwe munthu ankalandira pa avereji, ku malipiro ake okhazikika, kenako n'kuyamba ndondomeko yatsopano pa mlingo womwe mwawerengera limodzi ndi oimira antchito.